Malume anu akhala bwanji atcheya?

Wowerenga wina wa ku Zomba wandilembera imelo. Akuti malume ake alibe udindo uliwonse, ngakhale wa komiti ya mjigo, koma akangotulukira pagolosale anyamata amakuwa kuti "atcheya afika!" Ndiye akufunsa kuti mawuwa anachokera kuti.

Achemwali, muzu wake ndi tcheyamani, mawu obwereka ku Chingelezi. Nthawi ya Kamuzu mudzi uliwonse unkadziwa atcheyamani a nthambi ya MCP, ndipo sanali munthu womuseka: khadi lachipani likasowa m'thumba, nkhani yako inkathera kwa iwo.

Amene anawafewetsa mawuwa ndi a Bakili Muluzi. Analamula dziko kuyambira 1994 mpaka 2004, koma atatsika pampando sanasiye utcheyamani wa UDF. Apa panavuta katchulidwe. Pulezidenti anali kale wina, a Bingu wa Mutharika, amene mu 2005 anatuluka m'chipanicho n'kuyambitsa DPP. Otsatira achikasu aja akanawaitana chiyani bwana wawo? Atcheya basi. Dzinalo linamata, moti mpaka lero mukanena kuti "Atcheya ayankhula" osatchula dzina, aliyense amayang'ana ku BCA Hill, kunyumba kwa a Muluzi ku Blantyre.

Tsono kumbukirani mmene anthu ankawadziwira bambowa: nthabwala pamsonkhano, ndi dzanja losachedwa kupisa m'thumba. Ine ndimaona kuti zimenezi n'zimene zinatsikira nalo dzinali kumsewu. Wapampando amatsogolera zokambirana, kalembera akulemba. Tcheya ndi amene timamuyang'ana nthawi yolipira ikakwana.

Alipo atcheya enieni: a msika, a siteji ya kabaza, a banki m'khonde. Awo anasankhidwa. Koma tamverani woitanira minibasi akaona bambo wa kamimba atanyamula jumbo ya nyama. "Atcheya, mpando wakutsogolo ndi wanu!" Sanawaonepo n'kale lomwe. Dzulo lomweli mnyamata wokazinga tchipisi wanditcha atcheya katatu, kachitatuko akundiuza kuti chenji alibe.

Nthawi zina n'chipongwe chozizira. Mnzanu akayamba kulamula pamaliro a eni, wina amangoti, "Tamva, atcheya," anthu n'kubisa nkhope m'zitenje.

Za malume anuwo, fufuzani tsiku limene dzinali limamveka kwambiri. Ngati ndi kumapeto kwa mwezi, auzeni azakhali anu ayambe kuwasungira khadi la kubanki.