Kodi "dimandi ya kopa" tingainene bwanji m'Chichewa?

Funso: Bambo, ndimamasulira nkhani za malonda. Ndinalemba kuti "kufunika kwa kopa kwakwera pamsika wa dziko lonse", koma mnzanga wa kuntchito akuti chimenechi si Chichewa. Iyeyo amangoti "dimandi" ndi "sapulayi". Akulondola ndani?

Yankho: Mayi, funso lanu landikondweretsa kwambiri. Nonse awiri mwaphonya, koma inu mwaphonya pang'ono.

Ndiyambe ndi "kopa", chifukwa ameneyu amandipweteka mtima. Chitsulo chimenechi chili ndi dzina lake, mkuwa. Ine ndinakula ndikumva akuluakulu akunena za mkuwa ndipo palibe ankafunsa tanthauzo lake. Mawu obwereka sindidana nawo ayi. "Mgodi" tinatenga kwa Azulu, amene amati umgodi potchula dzenje, ndipo anabwera nawo ndi amuna amene ankakagwira ntchito ku Johannesburg. "Ndalama" nayo ndi mlendo wakalekale. Ndimakhulupirira ndithu kuti inachokera ku dirham ya Aluya, ndipo mpaka lero Ashona akati ndarama amanena golide. Choncho nikelo, kobalti ndi lithiyamu tibwereke popanda manyazi, popeza tinalibe mayina ake. Koma mkuwa tinali nawo kale, tiutayirenji?

Tsopano "kufunika". Mawuwa amanena za phindu la chinthu pa moyo wa munthu. Madzi ndi ofunika kuposa golide, komabe mtengo wa golide ndi umene uli kumwamba. Azachuma akati "dimandi" amanena anthu amene akufuna chinthu ndipo ndalama zogulira ali nazo m'manja. Chichewa chimanena zimenezi ndi mneni. Lembani kuti "ogula mkuwa achuluka", kapena "mkuwa ukuyenda malonda", ndipo zikafika povuta, "akuulimbirana". Dziko la China limagwiritsa ntchito mkuwa woposa theka la wonse woyengedwa padziko lapansi, ndiye ntchito zomangamanga zikazilala kumeneko, ogula amachepa ndipo mtengo umatsika. Kufunika kwa mkuwa mu nthambo zamagetsi kumakhala kusanasinthe ngakhale pang'ono. Mwaona kusiyana kwake?

"Sapulayi" ndiyosavuta: ndi katundu amene akufika pamsika. Mgodi wa mkuwa wa Cobre Panama, wa m'dziko la Panama, utatsekedwa kumapeto kwa 2023, mkuwa unachepa pamsika. Dziko la Indonesia linaletsa kutumiza kunja miyala ya nikelo yosayenga mu 2020, mafakitale oyengera anamangidwa ambiri komweko, nikelo anachuluka, ndipo mu 2023 mtengo wake unagwa kwambiri. Wachepa, wachuluka, basi. Chenjerani ndi "kusowa" kokha. Mukalemba kuti "mafakitale akusowa mkuwa", wina amva kuti akuufuna, wina amva kuti sakuupeza, ndipo pa nkhani ya mitengo zimenezi ndi zinthu ziwiri.

Simunafunse za "kuinvesita", koma ndikudziwa kuti mnzanuyo amanenanso zimenezo. Tili ndi mawu okoma akuti mpamba. Kampani imaika mpamba pa mgodi watsopano, ndipo nthawi zambiri pamapita zaka zoposa khumi mgodiwo usanatulutse chitsulo. N'chifukwa chake ogula akachuluka mtengo umathamanga, chitsulo n'kumabwera pambuyo.

Pali gulu lina la anthu a pamsika amene mawu akuti mpamba sawakwanira bwino. Msika wa zitsulo wa London Metal Exchange unakhazikitsidwa mu 1877, ndipo mapangano ake otchuka, ogula kapena kugulitsa chitsulo m'tsogolo pa mtengo wogwirizana lero, ndi a miyezi itatu, chifukwa sitima zonyamula mkuwa kuchokera ku Chile zinkatenga nthawi yotero panyanja. Lero ambiri ogula mapanganowa safuna kuona chitsulocho ndi maso. Amagula poyembekezera kuti mtengo ukwera, ena amagulitsiratu poyembekezera kuti utsika. Mu March 2022 mtengo wa nikelo unadutsa madola 100,000 pa tani imodzi, mpaka msikawo unaimitsa malonda ake. Si kuti mafakitale anadzuka tsiku limodzi akufuna nikelo wochuluka chotero. Amene anagulitsiratu anapanikizika ndipo anayamba kugula mwaphuma kuti atseke mapangano awo. Anthu oterewa ndamvapo ena akuwatcha "otchova juga". Ine ndimakana, chifukwa mwa iwo mulinso eni migodi ndi mafakitale amene akungodziteteza ku kusintha kwa mitengo. Ndimakonda kunena kuti "ogula mapangano", kenako n'kufotokoza chimene akuyembekezera.

Chiganizo chanu chija, Mayi, chilembeni motere: "Ogula mkuwa achuluka pamsika wa dziko lonse, ndipo mtengo wake wakwera." Mnzanuyo akakakamira "dimandi" pocheza, musakangane naye, koma papepala asailembe.