Funsani Malume: Kodi Akunjawa Amatida Kapena Sakutidziwa?

Moni nonse. Kuno ku Zomba phiri lafunda chifunga kuyambira Lolemba, zovala sizikuuma pa chingwe, nde ndangokhala mnyumba ndi tiyi wa mandimu kumawerenga ma message anu. Atatu mwafunsa nkhani imodzi olo simudziwana, ndangoziika pamodzi.

FUNSO: Malume moni. Ine ndimaperekeza alendo mphirimu, ku Chingwe's Hole, Williams Falls, konse uko. Mwezi watha ndinayenda ndi mzungu wina wachizimayi, tili pa Emperor's View nyanja ya Chilwa ikuoneka apo Mulanje uko, iye nkuyamba kugwetsa misozi eti sankadziwa kuti Malawi ndi wokongola chonchi, akuti mayi ake anamulongedzera mabisiketi katoni yonse kuopa kuti adzafa ndi njala kuno. Anandionetsa pa foni zomwe zimabwera kwawoko ukalemba Malawi, Malume ndinachita manyazi, ana a ntchentche mmaso, kolera, matope a Freddy, kenako Madonna basi. Kodi a BBC ndi a CNN amatida? Bwanji boma osangowaletsa kulowa muno?
Woperekeza alendo, Chinamwali

YANKHO: Mphwanga, ndikhulupirira mabisiketiwo unagawiridwako. Za kudanazo iwala, kuti munthu akude ayenera kumakuganizira kaye, ndipo ku London kapena ku Atlanta kulibe amene amadzuka mmawa nkumaganiza za Malawi. Timakumbukiridwa kukagwa tsoka.

Taona mmene zimayendera. Atolankhani a makampani akuluakuluwa ambiri amakhala ku Johannesburg kapena ku Nairobi, munthu mmodzi kuyang'anira maiko ambirimbiri, nde kuti akwere ndege kudzatera pa Chileka ayenera kumuuza bwana wake chifukwa chomveka. Akati ku Zomba ma sitiroberi apsa bwana amuseka, akati anthu oposa 1,000 afa ndi namondwe bwana asayina pompo. Akatera galimoto alibe, njira sadziwa, masiku ali nawo atatu, nde amakwera Land Cruiser ya bungwe lothandiza anthu lomwe nalonso likusaka ndalama kwa anthu akwawo, iwe ukuona ngati bungwelo limutengera pa Ku Chawe kukamwa khofi? Limutengera ku kampu komwe kuli mayi amene nyumba yapita ndi madzi. Ndipo mayiyo alipodi, sanachite kumupeka. Freddy wa mu March 2023 tinaika maliro enieni ku Chilobwe, ku Phalombe, ku Mulanje, kolera uja naye anatenga anthu oposa 1,700. Iwowa ali ngati mnansi amene amafika pakhomo panu pa maliro pokhapokha, nde akafunsidwa kwawo amati banja limene lija limangokhalira kulira.

Komanso ndodo zina timawapatsa tokha. Mu February 2011 a George Chaponda ali nduna ya zachilungamo analankhula pa wailesi kuti lamulo latsopano liletsa kuphwisa pagulu, masiku ochepa okha dziko lonse lapansi linali likugudubuka ndi phwete kuseka Malawi. Akuluakulu ena a boma anatsutsa kuti lamulolo limakamba zoononga mpweya, iwo eni anadzabweza mawu, koma kubwezako palibe anakulemba ndi zilembo zazikulu. Ine ndi maso angawa ndinaonapo kumudzi kwina cha ku Jali, alendo a bungwe lina akubwera ndi kamera, a komiti kumauza ana kuti vulani nsapato mukabise kuseri kwa kalasi, amayi valani zitenje zakutha, kamwana kena ka nsapato zatsopano za pulasitiki zofiira kumalira kukana kuvula mpaka anakachotsa pa mzere. Ma pulopozo omwe timalemba tokha mmaofesi a pa boma pano chiganizo choyamba chimakhala chija choti Malawi ndi limodzi mwa maiko osaukitsitsa padziko lapansi, nde mzungu akabwereza mawu athu omwewo pa TV tikupsa mtima ndi ndani?

Zowaletsa kulowazo tinayesapo iwe usanabadwe. Nthawi ya Kamuzu mtolankhani wakunja kulowa muno kunali kovuta kwabasi, dziko linkaoneka la bata pa mapositikhadi pomwe ku Mikuyu kuno anthu akuwolera mzitolokosi. Mlakatuli uja a Jack Mapanje anawatenga pa Gymkhana Club pompano mu September 1987, osazengedwa mlandu, anatuluka mu 1991, ndipo china chomwe chinawasunga ndi phokoso la akunja lomweli BBC italengeza kuti amangidwa. Kalata ya maepiskopi yodzudzula boma ya mu March 1992 ija pa MBC unkangomva zoinyoza, ife tinkatchera BBC usiku, voliyumu pansi pansi wailesi itagunda khutu, kuti timve zomwe zikuchitika mdziko lathu lomwe. Ndiye mu 2011 a Bingu anapitikitsa kazembe wa Britain Fergus Cochrane-Dyet chifukwa cha kalata yake yachinsinsi yomwe inatuluka, yonena kuti mtsogoleriyo safuna kudzudzulidwa, mapeto ake Britain inaimitsa thandizo la bajeti ndipo mawu omwe ankafuna kuwakwirira aja ndi omwe anamveka ponseponse.

Iwe mzungu wakoyo wabwerera ndi zithunzi zodzadza foni, mayi ake a mabisiketi aja aziona. Mulembere pa WhatsApp umuuze akalembe pa TripAdvisor, ndipo dzina lako asaiwale kulitchula.

FUNSO: Malume ndili chaka chachiwiri pa Chanco, atipatsa assignment ya soft power ndi public diplomacy koma ma notes onse akungokamba za America ndi China. Kodi dziko ngati lathu la kwacha yongogwa daily lingakhale ndi soft power? Chonde musandiyankhe ngati buku, mabuku ndatopa nawo.
Mtsikana wa ku Chikanda

YANKHO: Achemwali, assignment nde sindikulemberani, koma tiyeni ticheze. Mawuwa anabwera nawo Joseph Nye wa ku Harvard mu 1990 ndipo ganizo lake agogo anu akulidziwa kale: munthu ungamuchititse zomwe ukufuna pomuonetsa chikwapu, pomuonetsa ndalama, kapena iye mwini kukusirira mpaka kumafuna zomwe iwe ukufuna. Yomalizayi nde soft power. Public diplomacy ndi pomwe boma lasiya kungonong'onezana ndi boma linzake mmaofesi a akazembe nkuyamba kulankhula ndi anthu wamba a dziko linalo, nchifukwa chake mumaona aphunzitsi a ku America a Peace Corps omwe anayamba kubwera muno mu 1963, VOA pa wailesi, CGTN ya China pa dekoda, ndi sikolashipu ya Britain ya Chevening yomwe theka la kalasi yanu limailota usiku.

China titasiyana ndi Taiwan kumayambiriro kwa 2008 inatimangira Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, kenako MUST ku Thyolo ndi Bingu Stadium, zina mwa ngongole. Kwa ine izo zikadali za mthumba, pitani pa depoti mukafunse wakabaza kuti atamupatsa visa yaulere angapite kuti, muone ngati atchule Beijing. Pomwe Nigeria sinatimangireko olo chimbudzi koma ana a ku Mpondabwino amaitanana oga chifukwa cha mafilimu, South Africa nayo ikutivinitsa amapiano pa ukwati uliwonse mpaka a mpingo omwe. Kusiyana kwake ndi kumeneko.

Ife nafe tili nayo, kungoti imabwera boma lili mtulo. Temwa Chawinga mu 2024 anamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current nkukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America, mkulu wake Tabitha naye analowa timu ya Lyon ya ku France chaka chomwecho, panopa kuli ana achizungu omwe Malawi amudziwira pa mwendo wa mtsikana wa ku Rumphi, kazembe wanji angachite zimenezo ndi suti yake? Ma Queens anagonjetsa New Zealand pa Commonwealth Games mu 2018, kumeneko netball amaitenga ngati chipembedzo nde sanatiiwale. Koma yaikulu kwa ine ndi ya pa 3 February 2020 pomwe majaji asanu aja anafafaniza zisankho za Tippex, tinavotanso mu June mwa bata, majajiwo analandira mphoto ya ku Britain ya Chatham House Prize ndipo magazini ya The Economist inasankha Malawi kukhala dziko la chaka. Onani, ndi akunja omwewa amene mnyamata wa ku Chinamwali akuti amatida, atapeza chabwino chachikulu analemba osachita kuwapempha.

Poti muli pa Zomba pompano ikanimo iyinso. Album yoyamba ya ku Malawi kufika pa mndandanda wa Grammy, ya mu 2016, anaimba ndi akaidi pamodzi ndi asilikali a ndende ya Zomba Central yomwe mumaidutsa pa minibasi, anawajambula ndi Ian Brennan wa ku America. Sinawine koma dziko linamva Chichewa. Nkhani imeneyi imandizunguza mutu mpaka lero chifukwa pafupifupi aliyense woyamikira nyimbozo ankanenanso kuti ndende yomangidwira anthu mazana ochepa nthawi ya atsamunda munali anthu oposa 2,000 kugona ngati matemba mdengu. Nde inatikweza kapena inativula? Mukawafunse a lecturer anuwo, ndikufuna kumva ayankha chani.

Ena amati tichite ngati Rwanda yomwe inagula malo pa mkono wa jezi ya Arsenal mu 2018 nkulembapo Visit Rwanda. Zinagwira shuwa, aliyense mma video show anaiwerenga, koma nkhondo ya kummawa kwa DRC itavuta mu 2025 boma la Congo linalembera Arsenal ndi matimu ena olengeza Visit Rwanda kuti asiye ndalama zimenezo, jezi ija nkusanduka mlandu. Ife Warm Heart of Africa tinailemba pa zikwangwani kalekale, koma mlendo amaiyezera pa rodibuloko akamamufunsa ya fanta, ndi pa maenje a msewu.

FUNSO: A Malume ine ndi mayi wa ana atatu. Chaka chatha kunabwera alendo pa mkombaphala wa kwathu kuno, anagawa masiwiti nkujambula ana. Mlamu wanga ali ku Joni wanditumizira chithunzi cha mwana wanga wa zaka zinayi chili pa Facebook, alemba mchizungu kuti ndi wamasiye anthu apereke ndalama, chonsecho ine ndi bambo ake tili moyo, bambo ake ndi kalipentala. Ndipange bwanji?
Mayi wa ku Sadzi

YANKHO: Mayi pepani, izi nde zondikwiyitsa kuposa za BBC zija chifukwa apa pali bodza lenileni, akuikani mmanda muli moyo kuti adyerepo. Musaone ngati ndinu ochepa mphamvu. Mu 2022 BBC yomweyo, mothandizana ndi mtolankhani wa konkuno, inaulula Lu Ke, mzika ya China yomwe inkajambula ana ku Njewa ku Lilongwe nkumawanenetsa mawu odzinyoza mchilankhulo chomwe sankachimva kenako nkumagulitsa mavidiyowo. Anathawira ku Zambia, anamugwira nkumubweza, khoti linamupeza wolakwa mu 2023 nkumulamula kuti achoke mdziko muno.

Alamu anuwo muwauze lero lomwe ajambule screenshot ya chithunzicho, mawu onse, dzina la tsambalo ndi tsiku, asanayambe kuwatukwana chifukwa akangodziwa kuti mwazindikira afufuta. Mukatero pitani kwa oyendetsa mkombaphalawo mukawafunse kuti alendowo anabwera ndi ndani ndipo ndani anavomera kuti ana ajambulidwe, ngati pali pepala lomwe munadindapo chala akuonetseni. Kenako mutenge ma screenshot aja ndi buku la kusikelo la mwanayo mupite ku ofesi ya Social Welfare pa boma, ndi ku polisi ku Victim Support Unit, ndipo abale onse omwe ali ndi Facebook alipote tsambalo kuti likugwiritsa ntchito chithunzi cha mwana popanda chilolezo cha makolo. Popita kumeneko mupite nawo bambo akewo, utuchi uli mmutu momwemo, awaone kuti wamasiyeyo bambo ake ndi awa.