Inde, Philip Glass ankayendetsadi takisi

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti Philip Glass, wopeka nyimbo wa ku America, ankayendetsa takisi dzina lake litamveka kale. N'zoonadi.

Mu 1976 sewero lake loimba la Einstein on the Beach, lomwe anakonza ndi katswiri wa zisudzo Robert Wilson, linaonetsedwa ku Metropolitan Opera ku New York. Holo inadzaza thothotho, koma ndalama za pakhomo sizinakwane zomwe zinalowa pokonza seweroli. Anatsala ndi ngongole, n'kubwerera pa chiwongolero. Ankakonzanso mapaipi a madzi m'nyumba za anthu, munthu woti anaphunzira ku sukulu yotchuka ya nyimbo ya Juilliard komanso kwa mphunzitsi wotchuka wa nyimbo Nadia Boulanger ku Paris! Maganyuwa anawasiya atadutsa zaka 40.

Kenako kunabwera Satyagraha mu 1980, sewero lonena za moyo wa Gandhi ku South Africa, n'kudzatsatira nyimbo za mafilimu. Dzina lake linafika katatu pa mpikisano wa Oscar, chifukwa cha nyimbo za m'mafilimu a Kundun, The Hours ndi Notes on a Scandal, koma sanapambanepo.

Ena amati nyimbo zake zimangobwerezabwereza ngati musi mumtondo. Ine ndimati yambani mwaonera filimu ya Koyaanisqatsi ya 1982: mulibe wolankhula, nyimbo zake zokhazo n'zimene zikunyamula filimu yonse.