Ntchito yongodzipereka: yankho kwa achemwali a ku Ngabu

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mtsikana wina wa cha ku Ngabu, amene wapempha kuti dzina lake ndisatchule. Mayeso a Fomu 4 anakhoza bwino ndithu, koma ya fizi ya ku koleji palibe, ntchito nayo sikuoneka. Funso lake ndi ili: "Anzanga akuti ndiyambe ntchito yongodzipereka m'malo mongokhala pakhomo. Kodi ntchito zimenezi ndi ziti kwenikweni kwathu kuno, nanga zili ndi phindu? Bambo anga akuti n'kugwiritsidwa ntchito ulere basi."

Achemwali, bambo anu musawatsutse msanga. Aona zambiri. Aona mabungwe akubwera pa galimoto zozizira m'kati, kusonkhanitsa anthu pansi pa mtengo, kusankhapo khumi, kuwagawira matisheti, ndiye pakatha zaka ziwiri zii, osaonekanso. Wobwera pa galimotoyo amalandira pakutha pa mwezi, pomwe woyenda khomo ndi khomo dzuwa la Okutobala lili paliwombo amauzidwa kuti akutukula dera lake. Munthu wamkulu akanena kuti pali kudyerana masuku pamutu, sikuti walota ayi. Komabe bambo omwewo maliro akagwa pamudzi sadikira kuti wina awalonjeze kanthu. Adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, amayi amatunga madzi ndi kuphika, a Mvano, a Dorika ndi a m'miphakati amachezera kuimba mpaka mbandakucha. Palibe amalemba lipoti, ndipo ntchito imeneyi sinayambe yaimapo ati chifukwa thandizo la kunja latha. Ndiye maganizo anga ndi awa: ntchito imene mudzi umaiona kuti ndi yake imamupindulira woigwira, koma imene mwini wake ali mu ofesi kutali imafuna muyambe mwafunsa mafunso musanavale tishetiyo.

Ndiyambe ndi ya madzi, poti kuchigwa cha Shire kuno ndiyo nkhani ya moyo ndi imfa. Mukudziwa kuti madzi amene amatisesa nthawi zambiri si a mvula yogwa kwathu. Imagwa ku mapiri a Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Mwanza, ife kumwamba kuli mbee, kenaka usiku mtsinje wa Mwanza, wa Ruo kapena timitsinje ta ku East Bank, tsidya la kum'mawa kwa Shire, tatsika ndi mitengo ndi miyala yomwe. Ruo akadzaza kwambiri pa Chiromo amatsekereza Shire, madzi n'kumabwerera m'mbuyo kudzaza dambo la Elephant Marsh ndi kusefukira m'midzi. Kuchokera pamene mvula yagwa kumtunda kufika pamene madzi alowa m'nyumba pamadutsa maola ochepa chabe, ndipo maola amenewo ali m'manja mwa anthu osalipidwa. Alipo owerenga geji, mzati uja wopakidwa penti yobiriwira, yachikasu ndi yofiira m'mphepete mwa mtsinje. Madzi akafika pachikasu amaimbira foni anzawo a kumunsi. Akafika pofiira, a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi, amene ambirife timawatchulabe kuti a VCPC, amatuluka ndi zimkuzamawu, mawezulo ndi ng'oma kudzutsa anthu kuti athawire kumtunda. Ndi iwowa amene amadziwa nyumba imene muli agogo osayenda, mayi woyembekezera, kapena munthu wosamva amene wezulo sangamudzutse. Makomitiwa amalumikizana ndi a kwa mfumu yaikulu, a ku khonsolo, mpaka a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ku Lilongwe, koma phazi loyamba kuponda matope limakhala la munthu wa pamudzi.

Tinaziona mu Januwale 2015, pamene ku Makhanga, m'boma la Nsanje, kunkafikika pa bwato kapena pa helikopita basi. Tinazionanso ndi anamondwe aja, Idai mu Malichi 2019, ndi Ana mu Januwale 2022 amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndiponso ndi Freddy mu Malichi 2023. Misewu itaduka, malole a thandizo asanafike, opulumutsa anzawo m'mitengo ndi pa zulu anali eni mabwato ndi anyamata a m'mudzi momwemo. M'makampu a m'masukulu, odzipereka a Red Cross ndi anzawo ankamanga mabala, kulemba mayina, kufufuza makolo a ana otayika ndi kukumba zimbudzi. Ngati mukufuna ntchito imene phindu lake mudzaliona ndi maso anu, ndi imeneyi, ndipo makomitiwa amasowa kwambiri munthu wodziwa kulemba bwino ndi kugwiritsa ntchito foni, monga inu.

Koma ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, kaundula wa olandira thandizo. Tinene kuti matumba abwera 50 ndipo mabanja ovutika alipo 200. Wogwira cholembera ndinu. Azakhali anu akukuyang'anani, a mfumu ali ndi mayina awo, ndipo 150 otsalawo apita kwawo akunena kuti mwadya. Anthu abwino ambiri asiya ntchitoyi chifukwa cha zimenezi, osati chifukwa cha madzi. Mukalowamo, kakamirani kuti mayina aziwerengedwa pagulu, aliyense akumva, ndipo musamalembe nokha.

Ntchito ina imene pafupifupi mudzi uliwonse ulinayo ndi ya ulezi ku sukulu za mkombaphala. Ana a zaka zitatu mpaka zisanu amasonkhana m'mawa m'tchalitchi, m'kachisakasa kapena pansi pa mtengo, alezi n'kumawaphunzitsa nyimbo, kuwerenga manambala, kusamba m'manja ndi kusewera osamenyana. Makolo amasonkha ufa wa phala pakakhala pali ufa. Mwana amene wadutsa m'manja mwa mlezi wabwino amakafika Sitandade 1 asakuopa mphunzitsi, pensulo akuidziwa kagwiridwe kake, ndipo mayi ake amakhala atapeza mpata wopita kudimba kapena kumsika. Apa ndiye ine ndimagwirizana kwambiri ndi bambo anu. Ntchito ya tsiku ndi tsiku, m'mawa wonse, chaka ndi chaka, imeneyo ndi ntchito yeniyeni ndipo dziko limayenera kumailipira mokwanira. Kuti amayi ambiri aigwira zaka zochuluka popanda ngakhale ya sopo ndi ulemu wawo, komanso ndi manyazi athu. Ngati mumakonda ana ndipo mukulingalira za uphunzitsi, ndi malo abwino odziyesera. Koma gwirizanani ndi komiti masiku amene muzibwera, musangoti "ndizibwera" kenaka n'kupezeka kuti sukulu yonse yatsamira pa inu.

Ku zaumoyo ndiye kuli mitundu yambiri. Alangizi a zaumoyo amalipidwa ndi boma, koma mmodzi amayang'anira midzi ingapo, choncho amadalira odzipereka. Ena amathandiza pa tsiku la sikelo. Ena ali m'magulu oyendera mabanja khumi kapena kuposerapo pang'ono, kuphunzitsa za kuyamwitsa ndi zakudya za magulu asanu ndi limodzi, ndi kuyeza mkono wa mwana ndi katepi ka mitundu kaja. Mkono ukachepera masentimita 11.5, pofiira paja, mwanayo wanyentchera kwambiri ndipo ayenera kuthamangira naye kuchipatala kuti akayambe kulandira chiponde. Ena amatolera makhololo a anthu otsokomola nthawi yaitali n'kupalasa njinga kukawasiya kuchipatala kuti akayezedwe TB. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ogawa klorini khomo ndi khomo ndi osungunula Thanzi ambiri anali odzipereka. Ndipo tisaiwale a chisamaliro cha pakhomo a m'zaka zija ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, amene ankasambitsa ndi kudyetsa odwala ena atathawidwa ndi abale awo enieni. Ambiri anali amayi a mpingo, ndipo mayina awo sanalembedwe paliponse.

Zotsalazi ndingozitchula mothamanga. Ku sukulu za pulayimale kuli magulu a amayi olondola atsikana osiya sukulu, osoka zovalira za kumwezi ndi olimbana ndi maukwati a ana. Kuli makomiti a mjigo osonkhetsa tindalama togulira zipangizo, ntchito yofunika kwambiri kwathu kuno komwe mijigo yambiri imatulutsa madzi a mchere, moti umodzi wa madzi okoma ukafa mudzi wonse umabwerera ku mtsinje kokakumana ndi ng'ona. Kuli alimi otsogolera, apolisi a m'mudzi, makomiti osamalira nkhalango, ndi magulu a achinyamata m'midzi yozungulira nkhalango zosungirako nyama za Majete, Lengwe ndi Mwabvi. Yosavuta kuposa zonse ndi kupereka magazi a MBTS, bungwe lotolera magazi, akabwera pasukulu kapena pamsika: mphindi zochepa, botolo la chakumwa, basi mwathandiza mayi wotaya magazi pobereka kapena mwana amene malungo amuthera magazi. Za alendo odzipereka ochokera kunja, monga a Peace Corps amene anayamba kubwera m'dziko muno mu 1963, sindikambapo zambiri. Iwo amalandira ndalama yodyera ndi pogona, ndiye nkhani yawo si yofanana ndi yanu.

Tsopano pa funso lanu lenileni, loti phindu lilipo kapena ayi.

La ndalama, ayi. Mabungwe ena amapereka ya chakudya ndi ya thiransipoti pa maphunziro, mwina njinga, ambulera kapena chitenje. Zikabwera landirani, ndi zanu, sikuti mwaba. Koma musazipangire bajeti. Wolowa chifukwa cha alawansi amakhumudwa mwezi wachitatu, ndipo ndi mtima womwewu umene waononga magulu ambiri, moti masiku ano msonkhano wopanda envelopu anthu amabwera atatu. Musaiwalenso kuti kudzipereka kumadya. Tsiku limene mwapita kukayeza ana ndi tsiku limene simunapite ku ganyu ya ku mizimbe, simunakathirire kudimba, simunakagulitse nsomba. Munthu wosauka akapereka tsiku, wapereka nsima ya madzulo. N'chifukwa chake sindimulangiza munthu aliyense kupereka sabata yathunthu. Masiku awiri akwana, enawo muzisaka zanu.

La ntchito, mwina. Palibe lamulo loti wodzipereka alembedwe ntchito, ndipo wokulonjezani zimenezo mumukayikire. Chimene chimachitika n'chakuti mwayi ukatuluka, kaya wa kalembera wa masiku ochepa, kaya wa ku khonsolo, kaya wa bungwe lofuna munthu wodziwa Chisena ndi Chimang'anja, ofunsidwa kuti "kodi kumeneko kuli ndani wodalirika?" amakhala alangizi, ahedi ndi mafumu, ndipo amatchula munthu amene amuona akugwira ntchito. Pa intavyu namonso, mnzanu akamanena kuti ndi wolimbikira, inu mudzakhala mukufotokoza mmene munalembera mabanja pa kampu kapena mmene munapezera mwana wonyentchera. Zimenezi zimamveka mosiyana kwambiri.

Phindu limene ine ndingakutsimikizireni ndi lina. Kukhala pakhomo chaka chathunthu utamaliza sukulu kumafoola mtima. Umayamba kudzuka mochedwa, kudziona wopanda pake, ndipo kwa mtsikana nthawi imeneyi ndi imene anthu amayamba kufunsa kuti nanga ukudikira chiyani osakwatiwa. Kukhala ndi kopita Lachiwiri ndi Lachisanu, anthu akukudikirani, kumasintha zimenezi. Mumaphunzira kuyankhula pagulu pali mafumu osanjenjemera, kulemba maminitsi, kusunga ndalama za gulu mpaka tambala, kuyanjanitsa anthu okangana. Amayi aakulu amayamba kukupatsani moni ndi manja awiri. Makhansala ndi atsogoleri ambiri a ADC, komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, anayambira m'timakomiti totere. Ndipo tsiku lina mudzakumana ndi kamwana konenepa kakuthamanga pa msika, mayi ake n'kukakoka dzanja kuti kapereke moni kwa anti amene anakayeza mkono. Sindikudziwa malipiro angati amene angafanane ndi zimenezo, ngakhale kuti sopo sangagule.

Musanavomere kulikonse, funsani kuti ntchitoyo ndi ya masiku angati pa sabata, itha liti, ndani azikuyang'anirani, ndipo thiransipoti ndi mayunitsi a foni azilipira ndani. Funsani ngati pali maphunziro komanso ngati adzakupatseni kalata ya umboni yokhala ndi chidindo. Ngati ndi ntchito yokhudza odwala kapena madzi osefukira, funsani za magolovesi, majombo ndi jekete yoyandamitsa, ndipo musalowe m'madzi ngati simudziwa kusambira, ngakhale wina akuwe bwanji. Wina aliyense wokupemphani ndalama kuti akulembeni, kapena wofuna mukumane naye panokha madzulo kuti "mukambirane za mwayi," mumuthawe ndipo mukanene ku polisi, ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kapena kwa mayi wamkulu amene mumamukhulupirira. Zoterezi zimachitika, makamaka nthawi ya njala ndi ya makampu.

Ndikanakhala ine, sindikanayamba n'kulemba makalata ku mabungwe. Ndikanapita kwa alangizi a zaumoyo a m'dera langa pa tsiku la sikelo n'kuwafunsa kuti akusowa dzanja pati, kapena kwa apampando a VCPC mvula isanayambe, nthawi imene akuunikanso mayina a okalamba ndi njira zothawira. Yesani miyezi itatu. Gulani kope la masamba ochepa, muzilembamo tsiku, ntchito imene mwagwira ndi zimene mwaphunzira, ndipo okuyang'aniraniwo azisainamo pakutha pa mwezi. Bambo anu muwauze masiku awiriwo poyera, muwatsimikizire kuti kudimba muzipitabe, ndipo miyezi itatuyo ikatha mukhale nawo pansi muwaonetse kopelo, kenaka muone limodzi ngati n'koyenera kupitiriza.