Dola ikasowa, katundu amadutsa bwanji pa boda?

Achimwene, mwafunsa kuti malonda a kunja amayenda bwanji masiku ano pamene boma likuyang'anitsitsa makampani akuluakulu pa nkhani ya ndalama zakunja. Mutu wonse wa malondawa ndi dola. Katundu ali mbwee ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, koma wogulitsa kumeneko salandira kwacha.

Chuma chikathina, boma ndi mabanki ndi amene amasankha kopita madola ochepawo. Amayamba ndi mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala, ndipo pamenepo sindiwatsutsa. Makampani ogulitsa katundu kunja amalamulidwa kugulitsa gawo la madola awo ku Reserve Bank. Ife ang'onoang'ono tikapita kubanki timangouzidwa kuti tidikire, ndiye ambiri amathera kwa osintha ndalama m'misewu, komwe dola ndi yodula kwambiri, komanso ndi mlandu.

Chimene chimagwetsa anthu ndi kutsika kwa kwacha. Nthawi ya Pulezidenti Lazarus Chakwera inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anali atapereka katundu pa ngongole analandira ndalama zawo zonse, inde, koma zosakwanira kukaoda ngakhale katundu yemwe uja. Kampani yaikulu imangosintha mitengo m'mawa umodzi, makasitomala n'kugonja. Inu mukakweza, wogula amapita pa benchi ya mnzanu. Choncho mtengo wanu uziwerengera ndalama zimene mudzaodere ulendo wotsatira, ndipo ngongole ya mwezi wathunthu musaiyerekeze.

Nkhani za boma muzimvera ngati mlimi amene akuyembekezera mvula. Mu March 2025 boma linaletsa kuitanitsa katundu wina kuchokera kunja pofuna kuteteza opanga zinthu kuno. Mu April Tanzania inabwezera poletsa zokolola za ku Malawi, magalimoto n'kuima pa boda ya Songwe mpaka maiko awiriwa atakambirana. Wa katundu wosachedwa kuola analira.

Pa boda penipeni, sungani malisiti onse, onetsani katundu yense kwa a MRA, bungwe lotolera msonkho, lipirani msonkho, mulandire chiphaso. Njira zachidule zimathera pa kulandidwa katundu. Ngati mpamba wanu ndi wochepa, yambani ndi ku Zambia kudzera pa Mchinji, chifukwa pali dongosolo lopeputsira amalonda ang'onoang'ono mapepala la COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Tanzania siili mu COMESA, ndiye dongosolo la COMESA limeneli siligwira ntchito pa Songwe.