Wotchi ya pamphete yopukusa: yang'anani mkati musanalipire

Mwafunsa ngati mugule wotchi yakale ya pamphete imene imayenda mphindi zochepa n'kuima. Kawirikawiri vuto limeneli ndi oyilo wouma. Akakhala zaka osasinthidwa amalimba ngati phula, timagiya n'kumakanika kuzungulira. Ogulitsa amakonda kunena kuti inapukusidwa mopyola muyezo, koma si choncho ayi. Sipuling'i yoyendetsa wotchiyo yangokhala yodzaza chifukwa makina akulephera kuyenda.

Apempheni akutsegulireni kumbuyo, inu muone ndi galasi lokulitsa ka 10. Muli kagudumu kopita uku ndi uku, kotchedwa balance. Gwedezani wotchiyo pang'ono. Kakayamba kuvina bwinobwino kenako n'kufooka, kutsuka ndi kuthira oyilo kungakwane. Koma kakamapendamira m'mbali ngati dzino logwedera, nsonga ya kachitsulo kamene kamazungulirapo yathyoka, ndipo kukonza kwake n'kodula. Izi zimachuluka pa mawotchi a pamphete, chifukwa chala chimagunda tebulo ndi zitseko tsiku lonse, pamene ambiri akale alibe chotetezera nsongayo ikagundidwa, monga chotchedwa Incabloc.

Pansi pa kagudumuko pamakhala chizindikiro cha opanga makinawo, monga AS, ETA kapena FHF, pamodzi ndi nambala. Lembani zimenezo, ndi zimene wokonza mawotchi amasakira zipangizo. Mukaona dzimbiri pafupi ndi kabatani kopukusira, isiyeni ndithu. Madzi analowa, mwina posamba m'manja, ndipo pa tizitsulo tochepa chonchi dzimbiri silichedwa kudya zonse.

Mkati mwa mpheteyo, chidindo cha 750 ndi golide wa makarati 18, 585 ndi wa 14, 925 ndi siliva. Mawu oti plaqué akutanthauza kuti golideyo anangokutira pamwamba.

Mukagula, musaiyendetse tsiku ndi tsiku isanatsukidwe, makina ouma amaperesana. Ikakonzedwa, muziivula kaye musanaipukuse, kuti kachitsulo ka kabatani kasapindike. Pukusani pang'onopang'ono mpaka mumve kulimba, pomwepo lekani. Idzayenda tsiku lathunthu ndi maola ena. Ikayamba kuthamanga mwadzidzidzi, kaikirani maginito, monga a chotsekera chikwama kapena sipika. Wokonza amachotsa mphamvu imeneyo m'kamphindi.

Ngati mpheteyo ikuthina, wosula achotse kaye makina asanayatse moto, apo ayi oyilo ndi kasipuling'i ka balance zipsa. Ndipo ngati mivi ndi manambala zili ndi utoto wowala mumdima, wa zaka za m'ma 1960 kapena kale kuposa apo, musaupale. Ukhoza kukhala ndi radium, mankhwala otulutsa cheza chovulaza thupi, ndipo fumbi lake ndi loopsa mukalipuma.