Mankhwala a pakhungu ndi a pazipangizo si amodzi

Mwafunsa ngati ndi vuto lalikulu kuti madokotala ena ongoyamba kumene ntchito amasokoneza mankhwala opha tizilombo pakhungu ndi aja oyeretsera malo ndi zipangizo. Ine ndikuona kuti ndi vuto ndithu, chifukwa iwowa ndi amene amakhala pafupi ndi odwala usana ndi usiku, kuika madiripi, kusoka mabala ndi kutenga magazi.

Chlorhexidine ndi povidone-iodine ndi oyenera khungu la munthu, pomwe klorini ndi woyeretsera pansi, mabedi ndi pamene patayikira magazi, ndipo amawononga minofu akathiridwa pabala. Chlorhexidine yemweyo sayenera kulowa m'maso kapena mkati mwa khutu, popeza amatha kuwononga maso kapena kugonthetsa munthu. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti ambiri amaiwala kuti mankhwalawa amafuna nthawi kuti agwire ntchito: wopaka pakhungu ayenera kuuma kaye singano isanalowe, ndipo klorini amafooka akakumana ndi magazi kapena mafinya, choncho malowo ayenera kupukutidwa poyamba.

Pa nkhani ya manja, mu 2009 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linafalitsa malangizo otchula nthawi zisanu zimene wogwira ntchito m'chipatala ayenera kuyeretsa m'manja. Sanitayiza imafuna masekondi 20 mpaka 30, koma siipha timbewu tolimba ta Clostridioides difficile, kachilombo koyambitsa matenda otsekula m'mimba, kotero pambuyo pogwira wodwala wotsekula m'mimba dokotala asambe ndi sopo ndi madzi kwa masekondi 40 mpaka 60, ngakhale anavala magolovesi. Madokotala akuluakulu ndi anamwino odziwa ntchito ayenera kuonetsa achinyamatawa zimenezi m'wodi momwemo, kuyambira sabata yawo yoyamba.